Kanyumba ka Miyendo Inayi

Bambo anga anafika kwathu ku Kapondo akukankha njinga. Pakaliyala anamangirirapo bulangete, wailesi, khasu ndi jekete lawo la kutchalitchi, ndipo katundu wa moyo wawo wonse anathera pomwepo. Amayi anali atamwalira m'dzinja la chaka chomwecho, ndipo mwambo wa kusudzula unali utangochitika kumene. Abale a amayi sanawathamangitse ayi, ndisawanamizire. Anawauza kuti, "Alamu, mwamasuka, koma mukafuna khalani." Kungoti tsiku lomwelo Bambo anamva azimayi akukambirana kuseri kwa nkhokwe kuti nyumba yanjerwa ija imuyenera mtsikana wina wa pamudzipo amene ankakwatiwa. Njerwazo anaumba okha, malatawo anagula ndi fodya wawo, koma dothi linali la eni. Sanakangane ndi munthu. Anangopopa njinga n'kuuyamba ulendo.

Vuto linali lakuti nanenso ndinali mkamwini. Nyumba imene ndinkagonamo inali pa dothi la apongozi anga, amayi a mkazi wanga. Apongoziwo anali munthu wa mtima wabwino, ndipo Bambo atangomwa madzi anawalozera malo pafupi ndi mtengo wa mango.

"Asewere, malo ndi awa. Ana akumangireni kanyumba pompano, tizikalambira limodzi."

Bambo anawomba m'manja mwaulemu, anathokoza, kenako anandiitanira pambali.

"Ndinamangapo kale pa dothi la eni, ndipo mathero ake wawaona. Manje ndikhale mkamwini wa mkamwini? Iyayi. Mvula isanagwe ndiwoloka, ndikafere kwathu."

Mawu akuti manje ankawatuluka akakwiya, chifukwa anabadwira kutsidya kwa malire, ku Zambia. Kwawo kumene ankanenako ndinapitako ndili mnyamata. Alongo awo onse anali atatha, kunatsala manda ndi zidzukulu zosawadziwa n'komwe. Bambo miyendo inkawatupa, diso limodzi linali litachita ng'ala. Ndinkadziwa kuti akawoloka, chotsatira ndidzangolandira uthenga, mwinanso ataikidwa kale. Ndinkaopa kwambiri, ndipo ine mantha amanditulukira ngati mkwiyo. Tinakangana mpaka mkazi wanga anatuluka m'khitchini n'kutikumbutsa kuti anthu akumva. Bambo anavomera kugona m'khitchinimo ngati mlendo wodutsa, koma katundu wa panjinga ankamumanganso m'mawa uliwonse.

Masiku amenewo zipani zambiri zinali zitangoyamba, ndipo aliyense amene anali ndi galimoto yoyenda ankanyamula matola. Ine ndinali ndi pikapu yakale, yolira ngati chigayo, imene inkanyamula anthu, mbuzi, mtedza ndi mabelo a fodya. Ndinkanyamuliranso katundu mwini sitolo wina wachisilamu wa pa boma. Tsiku lina akundionetsa potsitsira matumba a mchere kuseri kwa sitolo yake, ndinaona chibokosi choyera chitaima pa miyendo inayi yachitsulo. Chinali ndi mazenera, chitseko kumbuyo, ndi chimphumi chotulukira kutsogolo. Nkhunda zinkalowa ndi kutuluka pa zenera losweka.

Mwini sitoloyo anandiuza kuti anachisiya alendo ena oyenda maiko, amene galimoto yawo inafera pafupi ndi malire. Galimotoyo anagulitsa, chibokosicho anangomusiyira.

"Imeneyitu ndi nyumba, adalaivala. Mumapukusa miyendoyi, iyo n'kukwera m'mwamba. Mulowetse pikapu pansi pake chambuyo, muitsitse, muimange, basi mwasamuka. Mukafika kumene mukupita muitsitsenso, galimoto izipita kuntchito."

Ndinafunsa kawiri kuti ndimvetse bwino. Nyumba yoti mwini wake akatopa napo pamalo amainyamula. Tinagwirizana kuti ndimutengere katundu wake ku Lilongwe maulendo angapo, iye n'kundipatsa kanyumbako. Ndikukhulupirira kuti mumtima ankandiseka, chifukwa miyendo inali itagwirana ndi dzimbiri, yosapukusika n'pang'ono pomwe. Tinachita kuitana amuna onyamula katundu mumsika kuti akakweze pa pikapu ndi mapewa, ndipo ku Kapondo anakatsitsanso ndi mapewa amuna a m'mudzi.

Mkazi wanga anasuzumira pakhomo pake n'kubwerera atagwira mphuno.

"Bambo a ana, mwapita ku boma kukagula khola? Nanga nkhunda zake mwasiya kuti?"

Bambo sanaseke. Anakazungulira pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, anawerama n'kuyang'ana pansi pake, pamene mphepo inkadutsa.

"Akuti kamanyamulika?"

"Eya, Bambo."

"Konse? Ndi denga lomwe?"

"Konse."

Anabwerera m'khitchini. Koma kutacha ndinawapeza atakoka mpando wawo n'kukhala moyang'anizana nako.

Ine ndine dalaivala. Injini ndimaimva ikamadwala, koma matabwa ndinali ndisanawagwirepo kupatula pokhoma khola la nkhumba. Ndinabwereka sowo ndi hamala, zina zonse ndinkachitira masipanala a galimoto ndi mpeni. Ntchito yoyamba inali kupala zitosi za nkhunda, zimene apongozi anazilandira ndi manja awiri n'kukathira kudimba. Zitosi zitachoka m'pamene ndinaona kukula kwa tsoka langa. Pansi pa kanyumbako panali potibuka, moti phazi langa linaboola n'kutulukira kunsi. Khoma lake linali la chitsulo chopyapyala kunja, pulayiwudi mkati, ndipo pakati pake panali timatabwa tating'ono togwira zonsezo. Pangodya imodzi timatabwato tinkanyenyeka m'manja ngati chigumu. Madzi ankalowera pa kachibowo ka mpweya ka padenga, n'kumatsikira mkati mwa khoma kwa zaka zonsezo.

Ndinakanganula pulayiwudi yense wa mbali imeneyo. Kamtabwa kalikonse kowola ndinkakachotsa, kukayeza pa thabwa la paini, kudula, n'kukapaka oyilo wakuda wochotsa mu injini kuti chiswe chisakayandikire. Kudula kwanga kunali kwa munthu wosaphunzira. Kena kankatalika, kena kankafupika, ndipo paini wambiri anathera pamoto wa mkazi wanga. Bambo nawonso sankadziwa ukalipentala, koma zimenezo sizinawaletse kundiweruza.

"Msomali umenewo walowa chokhota."

"Ukagwira ndi womwewo, Bambo."

"Ndi mmenenso unkalimira mizere. Chokhota, koma mwamakani."

Ndinkalumira mano. Tsiku lina nditadzimenya chala ndi hamala ndinaiponya mpaka inakagwera m'khola la mbuzi, ndipo Bambo anandiuza modekha kuti mbuzi sizinandilakwire. Komabe ndinkasangalala mobisa, chifukwa munthu wofuna kuwoloka malire mawa sasamala za msomali wokhota.

Denga linandivutitsa kuposa zonse. Ndinasungunula phula m'chitini, ndinang'amba tenti yakale ya pikapu m'tizidutswa, n'kumata mzere uliwonse umene zitsulo zinakumana. Poyesa, mkazi wanga ankakwera pa diramu ndi kheni yothirira kudimba, ine n'kukhala mkati chitseko chotseka, kudikira dontho. Linkabwera ndithu, koma osati pamene ndamata. Ndikamata kumanzere linkatulukira kumanja. Mkazi wanga anati madzi amene anatunga sabata imeneyo akanathirira dimba lonse la apongozi. Pomaliza ndinapeza kuti ankalowera pa timisomali tozungulira zenera lakutsogolo, ndipo ndinatimata tonse kamodzi ndi kamodzi.

Mkati munali tinthu tachizungu. Kambaula ka gasi ndinakachotsa chifukwa Bambo anati sangagone ndi bomba. Kasinki anati ndikasiye, ndipo kenako kanakhala mosungira fodya wawo wa pamphuno ndi mabatire a wailesi. Bedi lake linali m'mwamba, m'chimphumi chija, koma ndi miyendo yotupa sakanakwerako, choncho ndinachotsa tebulo n'kupanga bedi lina pansi, m'mwambamo mukhale mosungira katundu. Galasi la zenera ndinakadulitsa ku boma. Mkazi wanga, yemwe uja wa khola, anasoka makatani a chitenje cha ku Zambia n'kukolopa mkatimo mpaka fungo la nkhunda linagonja. Kunja ndinapaka penti yobiriwira, chifukwa ndi imene inatsala kutchalitchi atapenta mazenera.

Miyendo ndinaisiyira kumapeto, poti ndinkaiopa. Ndinaithira palafini m'mawa ndi madzulo. Iwiri inayamba kupukusika molira ndikaigwira ndi sipanala, wachitatu unakana, wachinayi unali wopindika. Munthu akaponda pakhomo, kanyumba konse kankagwedezeka. Nyenje zinali zitayamba kulira m'mitengo, kutentha kuli phuliphuli, ndipo madzulo mitambo inkaunjikana chakumadzulo, komwe kuli malire. Bambo ankaiyang'ana mitamboyo kenako n'kuyang'ana njinga.

Ndiye ndinaganiza nzeru imene mpaka lero ndimati inali yabwino kwa munthu wina aliyense kupatula bambo anga. Ndinati za miyendo yopukusa zikhale, chachikulu n'chakuti nkhalamba isagwe nako kanyumbako. Ndinagula thumba la simenti, apongozi anandipatsa mchenga, ndipo tsiku limene Bambo anapita kuchipatala chaching'ono kukayezetsa miyendo ndinakumba mozungulira mwendo uliwonse n'kuthiramo konkire. Ndinakankha kanyumbako ndi phewa, osagwedezeka. Ndinasamba m'manja ndikuimba.

Bambo atabwera anaima n'kuyang'ana simenti yaiwisiyo. Anaigunda ndi nsonga ya ndodo. Sanandiyang'ane. Analowa m'khitchini, anatulutsa njinga, n'kuyamba kupopa tayala lakumbuyo.

Apa ndiye ndinapsa mtima zenizeni. Ndinawaonetsa zala zanga zotupa, ndinawawerengera masiku amene pikapu sinapite ku matola, ndinanena kuti palibe chimene ndingachite choti iwo n'kuyamikira. Iwo ankangopopa. Mkazi wanga ndi amene anandikoka malaya.

"Inu, tatsekani pakamwa muone chimene mwachita. Mwawadzalira nyumba m'dothi la amayi."

Bambo anasiya kupopa, n'kulankhula ndi mkazi wanga, osati ndi ine.

"Apongozi, inu mwaona. Chimene chalowa m'dothi n'cha mwini dothi. Amayi anu ndi munthu wabwino, koma malemu mkazi wanga analinso munthu wabwino."

Ndinatenga fosholo, mkazi wanga anatenga khasu, ndipo tinafukula konkire yense asanaume. Apongozi anabwera ndi ndowa n'kumatsuka miyendo yachitsuloyo okha, akung'ung'udza kuti mchenga wawo wapita pachabe. Bambo anabweza njinga m'khitchini, koma ananena kuti ayembekeza mpaka mvula yoyamba basi.

Tsopano panalibenso kuzemba. Tinatsamiritsa kanyumbako pa madiramu ndi zipika, ndinamasula miyendo yonse n'kupita nayo kwa wowotcherera zitsulo pa boma. Wopindika uja anautenthetsa mpaka kufiira n'kuuwongola. Wokana uja tinaumenya, tinauviika mu oyilo, tinaumenyanso, mpaka unalira n'kutembenuka. Chopukusira chake chinatayika kalekale, choncho anandipindira china kuchokera ku chitsulo cha bedi lakale. Kunyumba ndinapala dzimbiri m'mizere yonse ya miyendoyo ndi waya, n'kupaka girizi. Zogwedezeka zija ndinazithetsa ndi zitsulo zopingasa zomanga ndi mabawuti, zoti munthu akafuna amamasula. Pansi pa mwendo uliwonse ndinaika thabwa lochindikala la mlombwa, longogona pamwamba pa dothi.

Nditamaliza ndinawaitana Bambo kuti alowe. Anakana.

"Kanyamule kaye, ndione."

Unali m'mawa, kumwamba kutada kale. Anthu a m'mudzi anabwera osaitanidwa. Ndinamasula zopingasa zija n'kuyamba kupukusa, mwendo uwu pang'ono, uwo pang'ono, kuzungulira, chifukwa ukakweza umodzi kwambiri kanyumba kamapendekeka. Katakwera, kanayamba kuyendayenda m'mwamba ndi kamphepo kalikonse. Ndinkadziwa kuti kakagwa pamaso pa Bambo, nkhani yatha. Ndinalowa m'pikapu n'kuyamba kubwerera chambuyo pakati pa miyendoyo, malo otsala mbali iliyonse osakwana chikhatho. Mkazi wanga ankandilozera ndi manja, apongozi ankakuwa zosiyana ndi zimene mkazi wanga ankaloza, ndipo ine ndinasankha kumvera mkazi wanga. Pikapu inalowa. Ndinapukusa chotsitsa, masipiringi analira, kanyumba kanakhazikika. Ndinapinda miyendo, ndinamanga maunyolo m'ngodya zonse, ndipo azimayi analulutira ngati pali ukwati.

Ndinatembenuka kuti ndione nkhope ya Bambo. Anali akutuluka m'khitchini ndi katundu wawo uja. Anamuika m'kanyumbamo, anakweza ndi njinga yomwe, anatseka chitseko, n'kudzakhala kutsogolo pampando wa pambali panga.

"Tiye."

"Kuti, Bambo?"

"Msewu wa ku boma."

Msewu wa ku boma ndi womwewo wopita kumalire. Ndinaona kuti ntchito yonse ija ndagwira yowakonzera chosamukira, ndipo ndiwaperekeza ndekha. Mkazi wanga anandiyang'ana pa zenera, ine ndinalephera kumuyang'ana. Ndinayendetsa pang'onopang'ono, kanyumba kakupendama m'mabampu, ndikukonza m'mutu mawu owanyengerera. Bambo ankangotembenuka kawirikawiri kusuzumira pa galasi lakumbuyo, kuona ngati nyumba ikutitsatira.

Titadutsa pa boma ndinachepetsanso liwiro. Tisanafike kumalire anakweza ndodo n'kuloza kanjira kafumbi kakumanzere. Ndinakadziwa, chifukwa ndi kanjira ka kumudzi kwa amayi, kumene ndinabadwira. Sanafune kulowa m'mudzimo. Anandiimitsa pamtunda, pamene nyumba yanjerwa ija imaonekera. Pakhonde panali patayanikidwa zovala za anthu ena, ndipo mwamuna wina wachinyamata ankakonza mpanda. Bambo anayang'ana nthawi yaitali.

"Mkamwini watsopano uyo," anatero. "Akulimbikira."

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Ukadzakumana nawo uwauze kuti lata la pangodya yakumpoto limadontha. Aike beseni."

Madontho oyamba anagwa pa galasi. Bambo anatulutsa dzanja pa zenera, analibweza, n'kulipukuta pa thalauza.

"Tembenuza. Manje ufuna nyumba yanga inyowere pamsewu?"

"Titembenukire kuti?"

"Kumene waichotsa. Pali mthunzi wabwino paja."

Sindikudziwa mmene ndinatembenuzira pikapu pa kanjira kopapatiza kaja. Ndinapuma ngati munthu amene watula thumba la chimanga atayenda nalo mtunda wautali. Ndinkafuna kuseka, ndinkafunanso kulira, koma pamaso pa bambo ako suchita zonsezo, choncho ndinangoyatsa mawaipa opukuta galasi, amene ankagwira mbali imodzi yokha. Tinafika ku Kapondo mvula ili pakati. Mkazi wanga anatiwona tikukhota pa mtengo wa mango, anakhala pansi pakhonde n'kudziphimba kumaso ndi chitenje. Tinatsitsa kanyumbako tikunyowa, pa matabwa ake a mlombwa omwe aja. Bambo analowa, anakhala pabedi, anayang'ana kudenga kudikira dontho, ndipo silinabwere. Madzulo amenewo anamasula katundu wawo n'kupachika jekete la kutchalitchi pa msomali wokhota uja.

Chopukusira anandilanda tsiku lomwelo n'kuchiika kunsi kwa pilo. Dzinja lonse loyamba, mwezi ukaoneka ankandiitana kuti ndidzapake girizi ndi kupukusa miyendo yonse iwo akuona, kukweza pang'ono n'kutsitsanso. Ndinkadandaula, koma ndinkachita. Apongozi akawapatsa ndiwo ankalandira ngati mlendo, ndipo akamakamba za pamudzipo ankati "kwanu kuno." Ana athu ankakhalira m'kanyumbamo kumvera wailesi, mpaka Bambo ankachita kuwatulutsa ndi ndodo.

Dzinja lachiwiri ntchito inandichulukira, ndipo panapita nthawi ndisanagwire chitini cha girizi. Bambo nawonso sanandikumbutse. Tsiku lina Lamlungu titabwera kutchalitchi ndinakumbukira ndekha, ndinatenga chitinicho n'kupita kuseri. Ndinapeza mphonda itayanga mwendo wakumbuyo, yakwera chitsulo chopingasa, yafika mpaka padenga. Inali itazinga mizere yonse imene ndinapala ndi waya ija. Ndinatulutsa mpeni.

"Iwe! Usadule imeneyo." Bambo anali atasuzumira pa zenera.

"Yamanga mwendo, Bambo. Sungapukusike."

"Ndadzala ndine. Sukuona kuti yayamba maluwa?"

Ndinayang'ana pansi. Pafupi ndi thabwa la mlombwa panali kaphando kozunguliridwa bwino ndi timiyala, dothi lake lothiridwa manyowa.

"Nanga chopukusira chili kuti?"

"Kafunse asewere. Anabwereka kuti azitsekera khola la mbuzi."

"Ndiye tikafuna kunyamula?"

Bambo anandiyang'ana ndi diso lawo labwino lija ngati ndafunsa zopusa.

"Tinyamule tikupita kuti?"

Ndinapinda mpeni n'kuubweza m'thumba. Anandiuza kuti poti ndaima pomwepo opanda chochita, nditunge madzi ndithirire mphondayo, ndipo ndinapita kukatenga kheni.